Tonse ndife akum'mawa, nanga mpandawu ukuchokera kuti?

MwanaWaKapata
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kuno kum'mawa kwa Zambia tilipo Achewa, Angoni, Ansenga, Atumbuka, Akunda, Asenga, kuphatikizapo amwenye a ku Down Shops mu Chipata amene agogo awo anabadwira konkuno. Timakwatirana, timagula pamsika umodzi, pamaliro timadya nsima ya mumphika umodzi. Koma ikangofika nthawi ya mavoti, kapena mndandanda wa feteleza, kapena mkangano wa munda, mumayamba kumva "obwera", "eni nthaka", "wako ni wako". Munthu amene dzulo anali mnansi lero wasanduka "iwo aja". Chimene ndikufuna kumvetsa ndi pakatipo. Chimachitika n'chiyani kuti kusiyana wamba, kumene takhala nako chibadwire, kusanduke mpanda? Musandiuze kuti ndi Satana, ndikufuna tsatanetsatane.

Kalulu_waMchini
Andale. Tipite ku funso lina.

Aphunzitsi_Lundazi
A Kalulu, andale ndi theka la yankho, chifukwa wandale satola kusiyana kulikonse. Amatola kumene kuli ndi mavoti okwanira. Chitsanzo chili pakhomo pathu pomwe. Achewa ndi Atumbuka ali mbali zonse ziwiri za malire a Zambia ndi Malawi, ndipo miyambo yawo imasiyana mofanana uku ndi uko: Achewa ana amatsata kwa mayi, Atumbuka kwa bambo; awa Gule Wamkulu, awa Vimbuza; awa chikamwini, awa malowolo. Koma ku Malawi mitundu iwiriyi imayang'anana ngati opikisana, pamene kuno imadzitcha akum'mawa. Katswiri wina wa ku America, Daniel Posner, anafunsa anthu m'midzi ya mbali zonse ziwiri za malire, zotsatira zake zinatuluka mu 2004. Mafunso ake anali osavuta, monga ngati munthu angavotere pulezidenti wa mtundu winawo, kapena kukwatirana nawo. Okana anali ambiri ku Malawi kuposa ku Zambia. Chifukwa chake ndi kukula kwa gulu poyerekeza ndi dziko lonse. Ku Malawi mtundu uliwonse mwa iwiriyi ndi waukulu moti ungakhale maziko a chipani pawokha. Kuno uliwonse pawokha ndi wochepa, wandale akaugawa atsala ndi nyenyeswa, ndiye amatimanga mtolo umodzi. Onjezanipo zimene boma la Kamuzu linachita: mu 1968 Chichewa chinakhala chinenero cha dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pawailesi, ndipo mu 1989 aphunzitsi analamulidwa kukaphunzitsa kuchigawo chakwawo. Pamenepo kusiyana kwa chilankhulo kunayamba kutanthauza ntchito ya munthu ndi malo ogona.

NaPhiri_Katete
Ndiye kuti umodzi wathuwu si chikondi, ndi masamu? Mwandikhumudwitsa aphunzitsi.

Aphunzitsi_Lundazi
Maukwati ndi enieni amayi, chikondi chilipo. Koma dzina loti "akum'mawa" linalimba chifukwa cha mpikisano wa ku Lusaka. Pamsonkhano wa UNIP, chipani cha Kaunda, ku Mulungushi mu 1967, Simon Kapwepwe anagonjetsa Reuben Kamanga pa udindo wa wachiwiri kwa mtsogoleri, ndipo mavoti anayenda m'magulu a zilankhulo, Abemba ndi Atonga mbali ina, akum'mawa ndi Alozi mbali ina. Zinaipa moti mu February 1968 Kaunda anatula pansi udindo kwa maola angapo ku Chilenje. Mawu akuti Umodzi Kum'mawa anamveka kwambiri m'zaka zimenezo. Mu 1991 UNIP inapeza mipando 25 mwa 150 ya m'nyumba ya malamulo, ndipo 19 mwa imeneyo inali mipando yonse ya chigawo chino. Mpanda womwe umatisonkhanitsa ife ndi womwewo umene ena amauona ali kunja.

GogoWaFortJimmy
Ana inu mumayankhula ngati mitundu inagwa kumwamba ili yomangamanga. Angoni anawoloka Zambezi mu 1835 ndi Zwangendaba. Gulu la Mpezeni linadzakhazikika kuno cha m'ma 1870 litakhala kaye pakati pa Ansenga. Njira yonseyo ankatenga anthu ogwidwa pankhondo n'kuwalowetsa m'mabanja ndi m'magulu a ankhondo, mwana wa wogwidwa n'kukula ali Mngoni. N'chifukwa chake Chingoni cholankhulidwa ku Mtenguleni lero chili pafupi ndi Chinsenga, Chizulu chinatsalira m'nyimbo ndi m'mayina. Mupeza Mngoni wa Phiri, wa Banda, wa Tembo. Khomo linali lotsegula, ngakhale linkatsegulidwa ndi nthungo.

Chimene chinalitseka ndi zinthu ziwiri zobwera pamodzi, pepala ndi kuchepa kwa nthaka. Itatha nkhondo ya Angoni ndi azungu ya 1898, Nsingo mwana wa Mpezeni ataphedwa ndi ng'ombe zikwizikwi zitalandidwa, kampani ya North Charterland inati dera lalikulu la kuno ndi lake. Azungu anatsegula mafamu a fodya, anthu akuda n'kukankhidwira m'marizevu, mtundu uliwonse malo ake. Atsamunda anayamba kulamulira kudzera mwa mafumu, ndipo munthu aliyense analembedwa pansi pa mudzi wakuti ndi mfumu yakuti kuti apereke msonkho. M'marizevumo anthu anathithikana, nthaka inaguga, mpaka boma linagula malo a kampaniyo mu 1941 n'kusamutsirako anthu ena. Kuyambira pamenepo funso loti "ndiwe wa mfumu yanji" linasiya kukhala moni, linakhala funso loti ulima pati. Tulutsani reji yanu, chitupa cha unzika chija, muone, mudzi ndi mfumu zilipobe.

Mlimi_waSoya
Agogo anena zoona, koma tisapite kutali. Mpanda umamangidwa chaka ndi chaka pamndandanda wa FISP, pologalamu ya boma ya feteleza ndi mbewu zotsika mtengo, ndipo njira yake ndi iyi. Kuti ulandire uyenera kukhala m'kopaletivi kapena m'gulu la alimi lolembetsedwa, dzina lako lidutse kwa mlangizi wa zaulimi ndi komiti ya m'kampu, kenako ulipire K400. M'nyengo zina zapitazi paketi inali matumba 6 a feteleza, 3 a D Compound ndi 3 a Urea, ndi mbewu ya chimanga ya 10kg. Vuto ndi lakuti mapaketi sakwanira mamembala onse. Tiyerekeze gulu la anthu 80 lapatsidwa mapaketi 30. Wina ayenera kusankha. Wosankhayo ndi tcheyamani, mlembi ndi msungichuma, ndipo kawirikawiri atatuwa ndi a mbumba imodzi kapena a mpingo umodzi, pakuti ndi iwo anayambitsa gululo. Mwina alibe ngakhale mtima woipa, amangoyamba ndi amene amawadziwa kuti K400 ali nayo kale m'thumba.

Chaka choyamba wotsalayo amati ndi tsoka. Chaka chachiwiri amayamba kufunsa. Chaka chachitatu amatenga mndandanda n'kuyamba kuwerenga ziwongo ndi mipingo, ndipo akapeza kuti otsala onse ndi a kutsidya kwa dambo, basi, mudzi wagawika pawiri. Tsono onani zimene zimachitika m'munda. Wopanda feteleza chimanga chimamuthera msanga, pofika January akupita kukagwira ganyu m'munda mwa amene analandira, nthawi yomwe munda wake ukufuna kupalira. Wina akukolola kawiri, ndi feteleza ndi manja a mnzake. Winayo akutaya kawiri. Zaka zisanu zokha, uku kuli malata ndi ngolo, uku kuli udzu, ndipo ana a mbali ziwirizi akukula akumva kuti "iwo aja ndi aulesi" ndi "iwo aja ndi akuba".

Kalulu_waMchini
Mwati soya, kodi chaka chino akugula zingati pakilo? Mavenda akutidyera masuku pamutu.

Mlimi_waSoya
Osagulitsa mu April soya asanaume, ndi nthawi imene mtengo umakhala pansi ndipo sikelo za m'mbali mwa msewu zimanama. Dikirani, sonkhanitsani matumba pagulu, yezani kaye pasikelo yanu.

NaPhiri_Katete
Abale, za soya tsegulani nkhani yake. A Mlimi, ine sindikuvomereza kuti a komiti alibe mtima woipa. Amene amalemba mkazi wake, mwana wake wa kusukulu ndi malemu amayi ake sachita mwangozi.

Mlimi_waSoya
Oterowo alipo amayi. Koma ngakhale mutaika mngelo, malinga ngati mndandanda ukulembedwa m'nyumba usiku, otsala adzaganiza zoipa. Mankhwala ake ndi odziwika, kungoti sakoma kwa a komiti. Nambala ya mapaketi ilengezedwe pamsonkhano mayina asanalembedwe. Mfundo zosankhira zigwirizanidwe pagulu. Mayina awerengedwe mokweza, aliyense aimirire ndi reji yake, mndandanda umatidwe pakhoma la sukulu. Amene alandira chaka chino apite kumapeto kwa mzere chaka chamawa, ndipo zimenezi zilembedwe m'buku. Komiti isinthidwe pa nthawi imene malamulo a gulu amanena. Pamene pamalephereka kawirikawiri ndi pa buku. Mlembi akachoka amapita nalo, watsopano amayamba ndi tsamba loyera.

Nyakwawa_waChadiza
Feteleza amatha ndi mvula, munda ndi wa mibadwo. Milandu imene imaswa midzi ndi ya nthaka. Pachichewa munda ndi wa mbumba. Mkamwini amalima munda wa kwa mkazi, ndiye paja amati mkamwini asamakule mwendo. Mkazi akamwalira, akasudzulidwa, amabwerera kwawo ndi khasu lake. Woyang'anira ana ndi malume wawo, ndipo wolowa ufumu ndi mwana wa mlongo wa mfumu. Pachingoni mkazi amalowoledwa n'kupita kwa mwamuna, ana ndi a bambo, munda umatsika kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana. Njira zonse ziwiri zimayenda bwino pazokha. Zimawombana paukwati wosakanikirana. Bambo Mngoni, mayi Mchewa, mwana ali ndi kwawo kuwiri. Bambo Mchewa, mayi Mngoni, akuchimuna amati mwana ndi wa kwa mayi ake, akuchikazi amati mwana ndi wa kwa bambo ake. Nthawi imene tchire linali lambiri nyakwawa ankangoloza tsala, nkhani n'kutha. Lero kufupi ndi Chipata, Katete ndi Sinda tsala kulibe, dimba lililonse lili ndi mwini wake. Mwana uja ndi amene amayamba kutchedwa wobwera m'mudzi momwe mchombo wake unakwiriridwa.

Jele_waMtenguleni
Anyakwawa, pang'ono pokha. Pachingoni chimene chimapereka ana kwa bambo ndi malowolo. Ngati Mchewa uja sanalowole, ana amatsala kwa akuchikazi ndipo sangakanidwe. Ngati analowola, ndiye kuti abale ake anavomera kuti anawo ndi awo, asadzatembenuke mawa. Mlandu umabuka pamene ng'ombe zinaperekedwa theka, kapena ankhoswe amene anaona zonse anamwalira.

Nyakwawa_waChadiza
Mwakonza bwino a Jele. Ndi chifukwa chake nkhani ya kumene ana adzalime iyenera kukambidwa tsiku la chinkhoswe, ankhoswe a mbali zonse alipo, osadikira tsiku la maliro.

Kalaliki_waKhoti
Ndiwonjezere za malamulo, chifukwa ambiri amasokoneza. Lamulo la 1989 logawira chuma cha munthu womwalira osasiya wilo limati ana atenge 50 peresenti, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo a malemu 20, ndi ena amene ankadalira malemuyo 10. Koma lamuloli silikhudza nthaka ya makolo. Nyumba ya taitolo ku Kalongwezi igawidwa ndi lamulo, munda wa kumudzi ugawidwa ndi mwambo. Ndiye banja limodzi lili ndi malamulo awiri, ana ophunzira a m'tauni akugwira buku, amalume akugwira mwambo, aliyense akuona mnzake ngati wakuba.

Chachiwiri ndi kusintha malo a makolo kukhala a taitolo pansi pa lamulo la malo la 1995. Wofunayo amayamba kwa nyakwawa, amatenga chilolezo cholembedwa cha mfumu, amajambulitsa mapu a malowo, khonsolo imayendera n'kutumiza ganizo lake kwa Commissioner of Lands, mkulu wa za malo m'boma, ndipo malo akapimidwa ndi asaveya munthu amapatsidwa lendi ya zaka 99. Lamulo limati anthu amene angakhudzidwe afunsidwe kaye. Apa ndi pamene pamadumphidwa. Odyetsa ng'ombe padambo, amayi otola nkhuni, amene anabwerekedwa munda zaka 20 zapitazo, amadziwa nkhaniyo tsiku limene waya wayamba kumangidwa. Ndipo malo akalowa taitolo achoka m'manja mwa mfumu. Amene amatha kuyenda njira yonseyi ndi wandalama ndi wodziwa maofesi, nthawi zambiri wopuma pantchito wochokera m'tauni. Iye akakhalanso wa mtundu wina, anthu sanena kuti wolemera watilanda, amatchula mtundu wake.

AmayiAPaSaturdayMarket
Apo pomaliza ndi pamene pali nkhani yonse. Mitundu ili iwiri yokha muno mu Chipata, okhuta ndi anjala. Wolemera wa Chichewa ndi wolemera wa Chibemba amamwera pamalo amodzi, ana awo amaphunzira sukulu imodzi yolipira. Mwana wa ku komboni ya Navutika ndi mwana wa kumayadi angakhale onse a Banda koma sadzakumana, kupatula pamene wina akutchetcha kapinga wa mnzake. Sukulu zaboma zinakhala zaulere mu 2022, n'zabwino, koma makalasi anadzaza ndipo amene ali ndi kangachepe akuchotsamo ana awo. Kale mwana wa DC ndi mwana wa mlonda ankakhala padesiki imodzi ku Chizongwe kapena ku St Monica's, ubwenzi umenewo unkakhala mpaka kuukalamba.

Aphunzitsi_Lundazi
Amayi, sindikukana, koma umphawi pawokha sugawa anthu m'magulu omenyana. Osauka ali mumtundu uliwonse, ndipo bola zikhale choncho. Choopsa ndi pamene mizere yagona pamodzi, kuti amene alibe munda ndi omwewo a chilankhulo china, omwewo a mpingo wina, omwewo a chipani chimene chinaluza. Mizere ikapingasana, mdani wako pa nkhani ya chipani ndi mnzako wa mukwaya, ndiponso mlamu wako. Ikagona pamodzi palibe wokuletsa dzanja.

GogoWaFortJimmy
Aphunzitsi, kwanu ku Lundazi zinachitika ndendende. Mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina unayamba ku Chinsali m'ma 1950 ndipo unafalikira mpaka ku Lundazi ndi ku Chama. Anthu ake anali abale enieni a anthu a UNIP, chilankhulo chimodzi, midzi imodzi. Onani masitepe ake. Poyamba kunali kusiyana kwa chikhulupiriro basi. Kenako chipani chinafuna kuti aliyense agule khadi, a Lumpa n'kukana, khadi lija n'kukhala chizindikiro chodziwira wathu ndi wosakhala wathu. Kunayamba kumenyana ndi kutenthana nyumba ndi matchalitchi. A Lumpa anachoka m'midzi n'kukamanga midzi yawoyawo popanda chilolezo cha mafumu, n'kuizinga ndi mipanda ya mitengo. Atasiya kutunga pachitsime chimodzi, mbali iliyonse inkangomva za inzake kudzera m'mphekesera. Mu July 1964 nkhondo inabuka ku Chinsali, kumayambiriro kwa August inafika pa boma la Lundazi, mpingo unaletsedwa, asilikali analowererapo, ndipo anthu oposa 700 anafa miyezi yochepa ufulu usanabwere. Sitepe imene ine ndimaiopa kwambiri ndi ya kusamuka ija. Malinga ngati anthu akukangana ali m'mudzi umodzi, nyakwawa ali ndi poyambira.

Nkhani ya khadi la chipani yomweyi inathamangitsa a Mboni za Yehova ku Malawi. Mu 1972 zikwizikwi anathawira kuno ku Sinda Misale chifukwa chokana kugula khadi la MCP, chipani cha Kamuzu.

Chimbuya_waKasama
Mwapoleni akumawa. Ndimangowerenga mwakachetechete, koma ndaona kuti odya mbewa akambirana nzeru lero, ndiye mvula igwa.

Kalulu_waMchini
Tamuonani wodya anyani. Wabwera ndi basi yanji, walipira?

NaPhiri_Katete
Mulekeni, mwina wabwera kudzaphunzira kulima. Koma nthabwala pambali, chimbuya, chibale chonyozana mwanthabwala cha Abemba ndi akum'mawa, ndi chitsanzo cha kusiyana kumene kunawetedwa. Angoni ndi Abemba anamenyana nkhondo zenizeni, lero pamaliro a wakum'mawa Abemba ndi amene amagwira ntchito, amapaka anamfedwa ufa ndi kutolera ndalama, ifenso timatero kwawo. Chipongwe chili ndi malamulo ake: chimapita mbali zonse ziwiri, chimanenedwa pamaso pa mwini wake, ndipo wonyozayo ali ndi udindo pa tsiku la tsoka. Kumudzi adzukulu amagwiranso ntchito yomweyo, manda sakumba ndi abale a malemu. Ndiye mudzi uliwonse umafuna mudzi wina kuti uike akufa ake. Mukaona pamaliro a chipani ichi aphika mphika wawo ndi a chipani icho wawo, kapena a mpingo akana kuyimba chifukwa kwabwera Gule, dziwani kuti ming'alu yafika pamaziko.

Jele_waMtenguleni
Nc'wala ya mu February ku Mtenguleni ndi Kulamba ya mu August ku Mkaika zimadzaza ndi anthu a mitundu yonse, palibe amene amafunsidwa chiwongo pachipata. Kulamba imasonkhanitsa mafumu a Zambia, Malawi ndi Mozambique pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Kunyadira mwambo wako sikugawa dziko. Chimene chimaipitsa ndi makada, anyamata a ndale aja, obwera ndi zitenje za chipani kudzawerengetsa kuti wawo waomberedwa m'manja kangati.

MwanaWaKapata
Ndikutsatira. Koma nanga mawu? Ena amati kunyozana pa Facebook ndi kungocheza, sikupha munthu.

Kalaliki_waKhoti
Lamulo silikuona choncho. Gawo 70 la Penal Code, buku la malamulo a milandu, limati kulankhula kapena kulemba mawu oonetsa chidani, kunyoza kapena kupeputsa anthu chifukwa cha mtundu, kumene anachokera kapena khungu lawo ndi mlandu, chilango chake ndi ndende. Malamulo aakulu a dziko amaletsanso chipani kukhazikika pa mtundu, chilankhulo kapena chipembedzo. Chovuta ndi chakuti lamulo lotere likamagwira a mbali imodzi yokha, ilo lomwe limasanduka umboni wa tsankho.

Mtolankhani_waKumawa
Mawu okha sayatsa moto, amafuna udzu wouma. Mphekesera imagwira pamene pali mantha enieni, palibe yankho lochokera kwa oyenera kuyankha, ndipo pali gulu limene anthu analiika kale pambali. Mu April 2016 ku Lusaka kunapezeka mitembo yodulidwa ziwalo. Mphekesera inaloza eni mashopu ochokera ku Rwanda, mashopu ambiri m'makomboni anathyoledwa, ndipo anthu awiri amene anatenthedwa anali a ku Zambia konkuno. Mu 2020 nkhani ya anthu opopera gasi m'nyumba za anthu inachititsa kuti anthu makumi angapo aphedwe ndi magulu a anthu m'zigawo zosiyanasiyana, ambiri mwa iwo chifukwa chongokhala nkhope yachilendo pamalopo. Kumudzi nkhalamba yokhala yokha imatchedwa mfiti mwa njira yomweyi, ndipo mukafufuza mupeza kuti ili ndi munda umene wina akuufuna.

Pa uthenga wa pa WhatsApp yang'anani zinthu izi. Sutchula tsiku kapena malo enieni, umangoti "ku Petauke dzulo". Gwero lake ndi "msuweni wa mnzanga wa kupolisi". Cholakwa cha munthu mmodzi chaikidwa pa mtundu wonse. Umatha ndi "tumizani kwa onse". Ndipo samalani anthu akayamba kutchulidwa ndi mayina a tizilombo. Ku Rwanda Abelgium analemba mtundu pa zitupa m'ma 1930, ndipo pofika 1994 wailesi inkatcha Atutsi mphemvu, pamalodibuloko chitupa chomwecho n'kumasankha wofa ndi wamoyo.

AmayiAPaSaturdayMarket
Zambia si Rwanda, musatiopseze.

Mtolankhani_waKumawa
Si Rwanda amayi, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti mitundu 73 palibe umene ungalamulire wokha, komanso boma la Kaunda linkatumiza aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi ana a sekondale kuzigawo za eni ake, anthu n'kukwatirana kumeneko. Koma pepala linagwirapo ntchito kunonso. Kusintha kwa malamulo kwa 1996 kunafuna kuti makolo onse awiri a wopikisana pa upulezidenti akhale a ku Zambia, ndipo Kaunda, amene makolo ake anachokera ku Nyasaland, anatsekeredwa kunja. Kwa ife a m'malire, kumene Phiri wa ku Mwami ndi Phiri wa ku Mchinji ali ndi agogo amodzi, funso loti "ndiwe Mzambia weniweni?" si lamasewera.

Mwana_waChasefu
Popeza mwatchula Atumbuka ngati chitsanzo cha umodzi, ndinene mbali inayo. Zilankhulo zimene boma linasankha kuti zigwiritsidwe ntchito m'sukulu ndi pawailesi ya dziko ndi 7: Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chilunda, Chiluvale ndi Chikaonde. Chitumbuka, Chinsenga ndi Chikunda mulibe. Mwana wa ku Chasefu amene kunyumba amati "nkhukhumba maji" amapeza buku la Chinyanja pa Giredi 1, pamene mnzake wa ku Katete akuwerenga chilankhulo cha amayi ake. Ndi kanthu kakang'ono, koma ndi mtundu womwewo wa kanthu kamene a Mlimi anena: wina wayamba mpikisano ali patsogolo chifukwa cha kumene anabadwira. Sitinapange phokoso chifukwa masamu a aphunzitsi aja sanatilole.

Kalulu_waMchini
Ife tinaphunzira kulemba "cinthu", a ku Malawi amalemba "chinthu", ndipo palibe anamenyapo mnzake.

Aphunzitsi_Lundazi
Chifukwa palibe thumba la feteleza limene limaperekedwa potengera h ameneyo. Tsiku limene adzanene kuti ntchito za boma ndi za olemba "ch" okha, mudzaona magulu awiri ndi atcheyamani awo. A Chasefu anena zoona, ndipo mawailesi a m'madera ndi amene atsekako dzenje limeneli pang'ono poulutsa m'zilankhulo za pamalopo.

Khansala_Wopuma
Palibe watchula CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'konsitityuwense, pamene nawo ndi mndandanda waukulu. Mu 2022 inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwense iliyonse. Pempho la mjigo, kalasi, bazale ya mwana wa sekondale yogonera komweko kapena ngongole ya gulu limayamba ku zoni, limadutsa ku WDC, komiti ya chitukuko ya m'wadi, kenako ku komiti ya CDF ya konsitityuwense. Anthu amathamangira kuvotera MP, koma masankho a oimira zoni mu WDC amachitika anthu ochepa ali pansi pa mtengo, ena osadziwa n'komwe. Amene apezekapo tsiku limenelo ndi amene adzasankhe kumene mjigo ukumbidwe. Midzi iwiri ikamatunga pachitsime chimodzi chakale, mjigo watsopano n'kukumbidwa pakhomo pa nyakwawa wa mudzi umodzi, komiti ya mjigo n'kukhala ya mudzi womwewo, loko n'kuikidwa, chopereka cha pamwezi n'kukhala chokwera kwa "akunja", mwapanga mitundu iwiri ndi chitukuko. Malo a mjigo asankhidwe pamsonkhano wa midzi yonse imene idzamwe, komiti ikhale ndi anthu a mudzi uliwonse, amayi akhale ambiri popeza otunga ndi iwo, chopereka chikhale chimodzi.

NaPhiri_Katete
A Khansala, zimenezi munkazichita muli pampando, kapena nzeru zabwera mutapuma?

Khansala_Wopuma
Funso limenelo ndalimva amayi, ndipo ndalipatsa ulemu wake.

Nyakwawa_waChadiza
Pa za minda, m'madera a mafumu ena kuno ku Chipata ndi ku Petauke anayamba kuyenda malire a munda uliwonse pamodzi ndi eni minda yoyandikana, n'kupereka satifiketi yosainidwa ndi mfumu. Malo amakhalabe a makolo, si taitolo. Phindu lake lili pa kuyendako: mnansi wa kumadzulo ndi wa kum'mawa avomereze mtengo kapena chulu chimene chili malire, mayina a mkazi ndi ana alembedwe, mapu aikidwe poyera kwa masiku angapo kuti wodandaula adandaule. Koma nalonso ndi pepala. Likalembedwa mothamanga, dzina la mwamuna yekha n'kulowa pa munda wa mbumba ya mkazi, kapena wobwerekedwa munda n'kusiyidwa osalembedwa paliponse, mwangosamutsira mlandu kwa zidzukulu, ndipo ulendo uno uli ndi chidindo.

MwanaWaKapata
Nanga wobwerekedwa munda zaka 20 uja, amene anabzalamo mango ndipo makolo ake anaikidwa m'manda a mudzi womwewo, mumamulemba kuti ndani?

Nyakwawa_waChadiza
Mundawo umalembedwa kwa mbumba imene inabwereketsa, iye n'kulembedwa ngati wolima ndi chilolezo, mitengo imene anabzala n'kutchulidwa kuti ndi yake, ndi nyengo zingati za chenjezo asanachotsedwe. Mbumba zambiri zimakana mzere womalizawo. Ndi umene timakhalira pabwalo mpaka dzuwa kulowa.

Jele_waMtenguleni
Kwathu manda a makolo ake akanamuyankhulira. Munthu amene anaika bambo ake pamudzi si mlendo.

Nyakwawa_waChadiza
Kwathu amafunsa kumene anaikidwa agogo ake aakazi, a Jele.